Munthu watembenuka mtima pachitsitsimutso: muyende naye bwanji chaka chake choyamba?

Anthu akamaliza kukolola, misonkhano ya chitsitsimutso imachuluka. Pabwalo la mpira, pasukulu, ngakhale pamsika, zimkuzamawu zimalira mpaka usiku, ndipo mlaliki akaitana ofuna kulandira Yesu, anthu amabwera kutsogolo misozi ili mbwembwembwe. Maina amalembedwa m'kope, manambala a foni amatengedwa, kwaya ikuimba, kenako aliyense n'kubwerera kwawo. Pakatha miyezi itatu, funsani kuti mwa anthu aja ndi angati akusonkhanabe. Mudzangoona akulu a mpingo akuyang'anana.

Ambiri mwa anthuwa sananame usiku umenewo. Chimene chinasowa ndi munthu woti ayende nawo. Mkhristu watsopano satayikira m'tchalitchi Lamulungu m'mawa. Amatayika Lachisanu madzulo anzake akale akamuimbira foni, amatayika pakati pa usiku mwana akatentha thupi azakhali n'kunena kuti kuli munthu wodziwa kutsidya kwa mtsinje, amatayika wakatapila akagogoda pachitseko. Abusa sangakhalepo pa nthawi zonsezi, makamaka kumene mbusa mmodzi amayang'anira nyumba zopemphereramo khumi kapena kuposerapo. Amene angakhalepo ndi inu, Mkhristu wamba wa m'mudzi momwemo kapena m'dera lomwelo.

Yesu posankha khumi ndi awiri aja, chifukwa choyamba chimene Marko 3:14 akutchula n'chakuti akhale naye. Kulalikira kunabwera pambuyo. Barnaba naye atakamutenga Saulo ku Tariso, anakhala limodzi ku Antiokeya chaka chathunthu akuphunzitsa anthu (Machitidwe 11:25-26). Malangizo awa akutsata njira yomweyo: munthu mmodzi, chaka chimodzi, mkati mwa moyo wa tsiku ndi tsiku.

1. Tengani munthu mmodzi, mukafike kwawo sabata isanathe

Mmodzi yekha. Mukatenga asanu, pakutha pa mwezi simudzakhala mukuyendera ndi mmodzi yemwe. Bambo atenge bambo mnzake, mayi atenge mayi mnzake, mtsikana ayende ndi mayi kapena mtsikana wokhwima m'chikhulupiriro. Lamulo limeneli musaliphwanye ngakhale mutadzidalira chotani, chifukwa limateteza inu, munthuyo ndi dzina la mpingo. Uzaninso mkulu wa mpingo wa dera lanu, kapena katekisiti ngati ndinu Mkatolika, kuti mwatenga uje. Ntchito imeneyi si yachinsinsi.

Pitani kwawo, musamuitanire kwanu kapena kutchalitchi. Mukafika, yambani mwalonjera eni khomo. Ngati ndi mayi wapabanja, mwamuna wake adziwe kuti ndinu ndani ndipo muzibwera liti. Ngati ndi wachinyamata wokhala ndi makolo, pemphani kwa makolowo, ngakhale atakhala kuti iwo sapemphera. Mawu ochepa ngati akuti, "Bambo, ndabwera kudzadzionetsa, ndizicheza ndi mwana wanuyu za Mawu a Mulungu Lachitatu lililonse, pompano pakhonde," amatseka mkangano umene ukanabuka pambuyo pake.

Ulendo woyamba si wolalikira. Ndi womvetsera. Funsani kumene anakulira, ngati anabatizidwapo kale, amene akukhala nawo, chimene chimamudyetsa, komanso ngati amatha kuwerenga. Mudzapeza kuti ambiri amene timawatcha atsopano anabatizidwa ali makanda, anaimbapo kwaya, kenako china chake chinawachotsa: mimba, mowa, mawu olasa a mkulu wina pamaliro. Munthu wotere ali ndi bala, ndipo muyenera kulidziwa musanayambe kumuphunzitsa. Musanatsanzike, gwirizanani tsiku ndi nthawi yoti muzikumana sabata iliyonse. Ola limodzi ndi lokwanira. Nthawiyo asankhe ndi iyeyo, potengera ntchito yake: wakabaza sangasiye njinga nthawi yoweruka anthu kuntchito, ndipo mayi wogulitsa pamsika sangachoke pabenchi tsiku la msika.

Amene anawokerapo tomato amadziwa kuti mbande ikangochoka panazale imafota masiku oyamba, ndipo imafuna madzi m'mawa ndi madzulo mpaka mizu itagwira. Masabata anayi oyamba a Mkhristu watsopano ndi otero. Pa nthawi imeneyi musadikire tsiku lokumana lokha. Dutsaniko pochokera kudimba, muimbireni foni, mutumizireni vesi limodzi pa WhatsApp ngati ali nayo.

2. Mupezereni Baibulo loti alimve, muziwerengera limodzi

Ambiri tinakulira Buku Lopatulika, limene linamalizidwa mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Nkhoma. Ndi Baibulo lokondedwa, ndipo mavesi ambiri amene tinaloweza ndi a m'menemo. Koma Chichewa chake n'cha zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Kawale akhoza kuwerenga ndime yonse ya Aroma osatolapo kanthu. Lilipo Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998 Akatolika ndi a mipingo ina atagwirira ntchito pamodzi, komanso Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero. Mutsegulireni ndime imodzi m'Mabaibulo awiri, asankhe limene walimva bwino. Ngati ali ndi foni yamakono, Baibulo la Chichewa limapezeka mwaulere pa pulogalamu ya pafoni ya YouVersion, koma ine ndimalimbikitsabe la pepala, chifukwa silitha moto ndipo silibweretsa mauthenga ena munthu ali mkati mowerenga.

Musamuyambitse ku Genesis kuti azipita mtsogolo, adzatopera ku Levitiko. Musamuyambitsenso ku Chivumbulutso, ngakhale atakhala ndi chidwi ndi nkhani ya 666. Yambani ndi Marko. Ali ndi mitu 16 yokha, nkhani zake ndi zazifupi, ndipo pandime iliyonse Yesu akuchitapo kanthu. Mukamatenga nkhani imodzi kapena ziwiri mukakumana, iye n'kumawerenga zotsalazo mkati mwa sabata, mumaliza bukuli m'miyezi inayi. Kenako pitani ku Machitidwe, Masalimo osankhidwa ndi kalata ya Yakobo.

Kawerengedwe kake n'kofunika kuposa kuchuluka kwa mitu. Tiyerekeze kuti mwakhala pamphasa pakhonde, mwatsegula Marko 4:35-41, nkhani ya namondwe panyanja. Awerenge ndi iyeyo, mokweza, ngakhale azidodoma. Musamulande. Akamaliza, atseke buku afotokoze nkhaniyo m'mawu ake. Ndiye mufunse: "Achimwene, mwaonapo chiyani za Yesu pamenepa?" Khalani chete, ngakhale padutse kanthawi. Mwina anena kuti chamudabwitsa n'chakuti Yesu anali m'tulo pamtsamiro anzake akukapa madzi m'ngalawa. Funsaninso: "Nanga ophunzirawo akufanana nafe pati?" Apa ndi pamene munthu amatsegula mtima, n'kukuuzani kuti mayi ake atadwala chaka chatha nayenso anafunsa ngati Mulungu sakusamala. Funso lomaliza likhale lakuti: "Sabata ino muchitapo chiyani?" Yankho likhale chinthu chooneka, monga kupemphera ndi mkazi wake za ngongole imene ikuwasowetsa tulo m'malo mokangana. Mukakumananso, yambirani pomwepo: "Zija munanena zija zinatheka?"

Mudzalakalaka kufotokoza zonse zimene mukudziwa pandimeyo. Dzigwireni. Chimene munthu wachipeza yekha m'Baibulo chimakhala chake, ndipo amaphunzira kuti bukuli akhoza kulitsegula inu kulibe.

Ngati satha kuwerenga, musamuchititse manyazi, ndipo musaganize kuti sangakule. Muwerengereni nkhaniyo kawiri, aibwereze, mafunso ndi omwewo. Baibulo lomvetsera la Chichewa lilipo, mukhoza kumuikira pamemori khadi kuti azimvera pafoni ya mabatani kapena pawailesi. Agogo ambiri amene sanapite kusukulu amasunga Malemba pamtima kuposa ife owerenga. Muziloweza limodzi vesi limodzi pa sabata, inunso muziloweza nawo.

3. Pempherani naye mpaka atazolowera kupemphera yekha

Munthu amaphunzira kupemphera pomva wina akupemphera. Ndiye mukamapemphera naye, siyani mawu akuluakulu a paguwa ndi Chingerezi chosakaniza. Akamva inu mukuti, "Atate, mwana wa mlongo wangayu akutsokomola, ndipo ufa watsala wa masiku awiri, tithandizeni," adzadziwa kuti naye angathe. Poyamba pempherani mosinthana, chiganizo chimodzi inu, chimodzi iye. Pemphero la Ambuye (Mateyu 6:9-13) likhale mzere wotsata: atchule gawo limodzi, awonjezerepo mawu ake. Pofika pa chakudya chalero atchule zosowa za pakhomo pake, pofika pa kukhululukira atchule dzina la munthu amene anamulakwira.

Nthawi yopemphera imangirireni ku chinthu chimene amachita kale tsiku lililonse: asananyamule khasu m'mamawa, madzi osamba akuphitsidwa, asanatulutse njinga. Mphindi khumi za tsiku lililonse zimamanga munthu kuposa usiku umodzi wa mapemphero ochezera pa mwezi. Ngati ali ndi banja, muthandizeni kuyamba mapemphero a madzulo atatha kudya nsima: nyimbo imodzi, ndime yaifupi, pemphero. Osakakamiza mwamuna kapena mkazi amene sakufuna.

Za kusala kudya ndi kukapemphera kuphiri, kaya ku Bunda kaya ku Soche, musathamange nazo. Ndipo ngati akumwa ma ARV, mankhwala a shuga, a BP kapena a khunyu, muuzeni momveka bwino kuti kumwa mankhwala si kuchepa chikhulupiriro. Tataya anthu amene anauzidwa kuti achira ndipo ataye mabotolo awo. Aliyense womuuza zimenezo, kaya akhale ndi dzina lalikulu chotani, asamumvere.

4. Mulowetseni pakati pa abale

Inu nokha simungamukwanire, ndipo si bwino kuti chikhulupiriro chake chitsamire pa munthu mmodzi. Malamulungu oyamba kamutengeni kwawo, mulowe naye, mukhale naye benchi limodzi, mumusonyeze nyimbo m'buku ndi nthawi yoimirira. Ambiri amalephera kubwera chifukwa cha zovala kapena chifukwa alibe ya chopereka. Mufunseni mwakachetechete. Mapemphero akatha musamusiye ataima yekha pakhomo inu muli kumsonkhano wa komiti. Mudziwitseni kwa anthu awiri kapena atatu amene angamutchule dzina Lamulungu lotsatira.

Malo amene adzadziwike bwino ndi kagulu ka mkati mwa sabata: mlaga, mphakati, limana kapena selo, monga mmene mpingo wanu umatchulira. Akatolika anaiona kale nkhaniyi. Pa sinodi ya dayosizi ya Lilongwe ya 1973 mpaka 1975, Ambuye Patrick Kalilombe anatsogolera kukhazikitsa miphakati kuti mpingo uzikhala pamene anthu akukhala, ndipo lero ndi m'miphakati ndi m'malimana momwe odwala amayenderedwa ndi maliro amayendetsedwa. M'kagulu kotere munthu akajomba amadziwika tsiku lomwelo.

Mulembetseni kalasi ya ubatizo kapena ya katekisimu monga mwa dongosolo la mpingo wanu, ndipo muzimufunsa zimene aphunzira. Kalasi ndi yofunika, koma siilowa m'malo mwa kukumana kwanu, chifukwa munthu akhoza kuloweza mayankho onse n'kukhoza mayeso pamaso pa akulu, moyo wake wa kunyumba osakhudzidwa. Ngati ndi mayi, amayi a Chigwirizano, a Mvano kapena a bungwe la amayi la mpingo wanu amudziwe. Ngati ali pasukulu, mulumikizeni ndi magulu a ophunzira achikhristu monga SCOM kapena YCS. Mupatseninso kantchito msanga, monga kusesa, kuyala mabenchi, kuperekeza oyendera odwala. Koma guwa ndi maikolofoni zidikire. Kumuimika munthu wa sabata ziwiri kuti achitire umboni pamsonkhano uliwonse kumamuika pamalo amene akagwa amachita manyazi kubwerera.

5. Zakale muzikumana nazo chimodzichimodzi

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, ndipo pamafunika kudekha. Musafike ndi mndandanda wa zoletsedwa. Pamene mukuwerenga Marko, nkhanizi zidzatuluka zokha, ndipo munthu akayamba kukukhulupirirani adzaziulula.

Yoyamba kawirikawiri ndi mantha. Chithumwa cha m'chiuno mwa mwana, mankhwala okwirira pakhomo, kanyanga ka bizinesi: munthu sasunga zimenezi chifukwa chokonda tchimo, amazisunga chifukwa akuopa. Mukangomulamula kuti ataye osachotsa manthawo, adzataya lero, mawa n'kukatenga china. Werengani naye nkhani za Yesu akutulutsa mizimu yoipa pa Marko 1 ndi Marko 5, ndiponso Aroma 8:38-39 ndi Salimo 121. Ku Efeso, anthu amene anakhulupirira anabwera okha kudzaulula, ndipo anatentha mabuku awo amatsenga a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000 (Machitidwe 19:18-19). Palibe amene anakasecha m'nyumba zawo. Munthu wanuyo akadzanena yekha kuti ali ndi kanthu kamene akufuna kuchotsa, itanani mkulu wa mpingo kapena abusa, mupemphere, atenthe ndi dzanja lake. Mphini za pathupi sizifufutika, ndipo muuzeni kuti si mlandu pamaso pa Mulungu.

Mayeso enieni amabwera usiku umene mwana wadwala. Muuziretu kuti akhoza kukugogoderani nthawi iliyonse. Akabwera, nyamukani, pempherani mwachidule, kenako perekezani mwanayo kuchipatala akayezedwe malungo. Achibale akamanena kuti walodzedwa ndi agogo akutiakuti, muthandizeni kukana. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la dziko lino la 1911, ndipo tonse tamva za nkhalamba zimene zamenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha mawu otere. Mkhristu asakhale nawo m'gulu loloza chala, ngakhale wolozayo atadzitcha mneneri.

Yachiwiri ndi ngongole. Zakeyu atakumana ndi Yesu analankhula za ndalama tsiku lomwelo (Luka 19:8). Khalani pansi ndi pepala, alembe aliyense amene ali naye ngongole ndi kuchuluka kwake: pagolosale, kubanki m'khonde, kwa wakatapila, kwa mlamu wake. Ambiri sanaziwerengepo zonse pamodzi chifukwa choopa. Ayambe kubweza ya chiwongoladzanja chachikulu, ndipo kwa amene wakhala akuwazemba apite akalankhule nawo. Ngati akuopa, muperekezeni. Mawu akuti, "Bambo, ndinakuthawani nthawi yaitali, ndalakwa, ndizibweza pang'onopang'ono mwezi uliwonse," ndi umboni umene mudzi wonse umaumva. Ngati amabetcha pa mpira, nkhani imeneyinso ilowe papepala lomwelo, aone yekha ndalama zimene zapita mwezi umodzi.

Yachitatu ndi mowa ndi chamba. Munthu akasiya kumwa amatsala ndi maola opanda chochita ndiponso opanda anzake, makamaka Loweruka masana ndi tsiku lolandira malipiro. Maola amenewo adzazeni: mutengeni kudimba kwanu, kokaonera mpira wa m'mudzi, kokayendera wodwala, kapena mungosewera naye bawo pakhomo panu. Tsiku la malipiro, ndalama zifike kunyumba iye asanadutse njira yakale ija. Amene wamwa kwambiri zaka zambiri, akasiya mwadzidzidzi n'kuyamba kunjenjemera, kuona zinthu kapena kukomoka, apite kuchipatala msanga. Imeneyo ndi nkhani ya thupi, si ziwanda.

Ganiziraninso mayi amene amatcheza kachasu kuti alipirire ana fizi. N'zosavuta kumuuza kuti asiye, koma ana adya chiyani? Paulo pouza wakuba kuti asabenso, anawonjezera kuti agwire ntchito ndi manja ake (Aefeso 4:28). Khalani naye pansi muwerengere zimene angachite ndi mpamba umene ali nawo, kaya mandasi, zitumbuwa, tomato kapena kaunjika, ndipo amayi a kumlaga akhale makasitomala ake oyamba. Kusintha kumeneku kungatenge miyezi. Musamutaye pa nthawi imene akuyesayesa.

Za ukwati musaziweruze nokha. Ngati akukhala ndi munthu popanda ankhoswe, mulimbikitseni kuti akhazikitse chinkhoswe ndi kukadalitsa ukwati, ndipo mumuuze kuti siziyenera kudikira ndalama za holo ndi keke. Ngati ali pamitala, pitani naye kwa abusa kapena kwa bambo mfumu, chifukwa mipingo ili ndi malamulo osiyana, ndipo pali amayi ndi ana amene moyo wawo ukhudzidwa. Musauze bambo kuti athamangitse mkazi ndi ana m'dzina la kutembenuka mtima. Koma ngati m'nyumbamo muli nkhanza, wina akumenyedwa kapena mwana akuchitidwa zoipa, imeneyo si nkhani yongopempherera. Dziwitsani abusa, ndipo wovutikayo aperekezedwe ku Victim Support Unit kupolisi.

Maliro akagwa kwawo, khalaniko kuyambira pachiyambi mpaka pomaliza: gonani pasiwa, thandizani kumanda kapena kukhitchini. Pamaliro ndi pamene achibale amamupanikiza kwambiri pa miyambo, ndipo zina monga kulowa kufa ayenera kuzikana, pa chifukwa cha chikhulupiriro ndiponso cha matenda. Koma muphunzitseni kukana mwaulemu, kudzera mwa amalume kapena mwini mbumba, ndipo pa zonse zimene si zotsutsana ndi Mawu a Mulungu akhale woyamba kuthandiza. Kutembenuka mtima kusamusandutse mlendo pakati pa abale ake.

6. Samalani ndi ndalama pakati pa inu awiri

Tsiku lina adzakupemphani ndalama, ndipo mwina vuto lake lidzakhala lenileni. Thandizani monga mbale: mbale ya ufa, thiransipoti ya kuchipatala, kumuuza kumene kuli ganyu. Koma musamukongoze ndalama zambiri, chifukwa akalephera kubweza adzayamba kukuthawani, ndipo pothawa inu adzathawanso tchalitchi. Zosowa zazikulu zidzere kwa atumiki a mpingo kapena kumphakati. Inunso musamugwiritse ntchito m'munda mwanu mwaulere chifukwa choti mumamuphunzitsa. Muphunzitseni kupereka kuyambira pachiyambi, ngakhale kochepa, ngakhale chitini cha chimanga pa nthawi ya masika, koma osamulonjeza kuti Mulungu amubwezera galimoto.

7. Akagwa, pitani msanga

Ambiri amagwa m'chaka choyamba, ena kangapo. Chizindikiro chake n'chodziwika: foni sakuyankha, mukafika ana akuti wachoka pamene njinga ili pakhonde. Kawirikawiri si kuuma mtima, ndi manyazi. Musadikire kuti abwere yekha, ndipo musatume uthenga wodzudzula. Pitani masiku awiri kapena atatu asanathe, mukhale pansi, munene kuti, "Achimwene, ndamva zimene zachitika. Sindinabwere kudzakuzengani mlandu. Lachitatu tikumana ngati kale." Agalatiya 6:1 akuti wogwayo timubweze ndi mzimu wofatsa, tikudziyang'anira tokha. Tchimo litchuleni dzina lake, musalichepetse, kenako werengani naye 1 Yohane 1:9 ndi nkhani ya Petro pa Yohane 21. Mukumbutseninso za Yohane Marko, amene anathawa ulendo wa utumiki mpaka Paulo anakana kumutenganso (Machitidwe 15:37-39), koma pambuyo pake Paulo yemweyo analembera Timoteo kuti abwere naye chifukwa ndi wothandiza pa utumiki (2 Timoteo 4:11).

Zimene wakuuzani zisungeni. Pali miseche imene imavala malaya a pemphero: "Abale, timupempherere uje, wayambiranso zija." Munthu akangomva kuti chinsinsi chake chafika kumlaga, sadzakuuzaninso kanthu. Ngati nkhaniyo ikufunika kufika kwa akulu a mpingo, muuzeni iyeyo poyamba, ndipo mupite naye. Akaikidwa pa chilango n'kuimitsidwa Mgonero, musasiye kukumana naye, ndipo Lamulungu khalani naye benchi limodzi monga kale. Imeneyo ndiyo nthawi imene ambiri amachokeratu mumpingo chifukwa aliyense amawatalikira.

Inunso muzimuonetsa mmene mumalapira. Akakuonani mukupepesa mkazi wanu kapena mukubweza chenje chimene wogulitsa anakupatsani mopitirira, amaphunzira zimene kalasi singamuphunzitse. Muzimuitana kuti adzadye kwanu, aone nyumba yanu mmene imakhalira tsiku wamba.

8. Muyambe kumusiya ayende

Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi, sinthanani. Iye azisankha ndime ndi kufunsa mafunso aja, inu muziyankha. Mukapita kukaona wodwala, apemphere ndi iyeyo. Kumlaga apatsidwe mpata wowerenga Mawu, kenako wotsogolera. Chakumapeto kwa chaka muzikumana kawiri pa mwezi, kenako kamodzi. Paulo anauza Timoteo kuti zimene anamva azipereke kwa anthu okhulupirika amene adzaphunzitsenso ena (2 Timoteo 2:2), choncho mufunseni kuti ndani kwawo kapena kuntchito kwake amene angayambe kuwerenga naye Marko. Ulendo woyamba muperekezeni, koma olankhula akhale iyeyo.

Masiku ano kwachuluka zoti munthu azitchedwa "papa" ndi kuti ana ake auzimu asachite kanthu osamufunsa, ngakhale za ukwati kapena ntchito. Zimenezi muzikane. Munthuyo si wanu. Akadzasankha kulowa kwaya imene inu simuikonda, kapena akadzayamba kufunsa nzeru kwa Mkhristu wina, kondwerani.

Mwina chaka chisanathe adzasamuka, kupita ku Lilongwe kukafuna ntchito, kuesiteti ya fodya, kapena ku Johannesburg ndi ku Cape Town kumene achinyamata athu ambiri akupita. Ambiri amatayikira pa msamuko ngati umenewu. Asananyamuke, mutengereni kalata ya umembala kapena ya kalasi kwa abusa kapena kuparishi. Funsani mumpingo mwanu ngati alipo amene ali ndi mbale wopemphera kumene akupitako, mutenge nambala yake, ndipo muwalumikize awiriwo iye asanakwere basi. Lamulungu loyamba atafika muimbireni, mumufunse kumene wapemphera ndi dzina la munthu mmodzi amene walankhula naye. Pitirizani kuwerenga naye Marko kapena Machitidwe pafoni mpaka atakuuzani tsiku limene kagulu ka kumeneko kamakumana ndi nyumba imene akumanako sabata imeneyo.